Mfuti ya agogo ili kunsi kwa bedi, titani nayo?

Pogawa katundu wamasiye kuno kunyanja, zinthu zambiri sizivuta kopita. Bwato ndi maukonde amatenga amene amapalasa kale, njinga imapita kwa mnyamata wa kusekondale, ziwiya za kukhitchini zimatsala ndi amayi. Koma m'mabanja ena mumatsala chinthu chimodzi chomwe mwinimbumba amachitchula motsitsa mawu: mfuti ya malemu. Kawirikawiri imangokulungidwa m'chiguduli, n'kukankhidwira kunsi kwa bedi kapena kutsindwi, nkhani n'kuthera pomwepo. Sabata ino ndati tikambe za chiguduli chimenecho, chifukwa kungobisako ndi komwe kumabweretsa mavuto pakhomo.

Mfuti si mlendo m'dera lathu lino. M'zaka za m'ma 1800, mafumu monga Mponda ndi Makanjira ankapeza mfuti ndi wonga kwa amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere, posinthanitsa ndi minyanga ya njovu komanso akapolo. Zimenezo zidali za gogodera, zothira wonga ndi machaka kukamwa n'kutsindira ndi kachitsulo. Boma la Mangochi lenilenilo lidayamba mu 1891 ngati linga la asilikali lotchedwa Fort Johnston. Mpaka lero, mukaima pa nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, muona mzinga wa Hotchkiss womwe udali m'sitima ya Guendolen, ija idakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914. Mzingawo uli pamalo pake, aliyense amauona ndipo suvulaza munthu. Zomwe ndikunena ine ndi zija zili m'nyumba mwathu.

Mfuti zakale zomwe zimapezeka m'mabanja zambiri ndi zamachaka, zowombera mbalame ndi tinyama ting'onoting'ono. Yotchuka kwambiri kuno kwathu ndi Greener, yopangidwa ku Birmingham, England. Imalowa chipolopolo chimodzi ndipo imatsegulidwa ndi kachitsulo kotsitsa kamene kali kunsi. Mtundu wina ndi uja azungu amati bolt action. Imeneyi ili ndi chitsulo chapambali chokhala ngati mpiringidzo wa pachitseko: umachitukula, kuchikokera kumbuyo, kuchikankha n'kuchitsitsa. Makampani a ku America monga Mossberg ndi Marlin adapanga zambiri zotere chifukwa zidali zotsika mtengo, zoti mlimi wamba n'kugula. Zina zidachita kusinthidwa kuchokera ku mfuti za nkhondo. Fakitale ya Ishapore ku India inkasandutsa Lee-Enfield kukhala yamachaka ya .410 ya apolisi ndi alonda, ndipo ku Germany nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, mfuti za Mauser ankazisandutsa zamachaka zotchedwa Geha.

Ya kwathu ku Nkope idali ya mpiringidzoyi. Agogo aamuna adaigula ndi ndalama za ku Joni, ndipo ankaitchula kuti "chitsulo changa". Ntchito yake idali kuopseza anyani kumunda wa m'mbali mwa phiri, mwa apo ndi apo nkhanga ya ndiwo. Mapepala ake ankakhala m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi kadi ya kutchalitchi, ndipo chaka chilichonse ankavala jekete n'kupita kukalipira chiphaso. Atamwalira, padabuka mkangano. Amalume ankati mfuti ndi ya mbumba, iyenera kutsatira dzina. Mwana wawo wamkulu wa agogo ankati ndi thukuta la bambo ake. Adakangana mpaka nsima kuzizira. Amene adathetsa nkhani ndi agogo aakazi, omwe adatulutsa chitini chija n'kufunsa kuti, "Achimwene, inu ndi mwanayu mukulimbiranatu, koma papepalapa pali dzina la yani? Mwini dzinali tamuika dzana." Padakhala bata. Sabata yotsatira amalume ndi anyakwawa adapita kupolisi kukafotokoza, mfuti n'kukaperekedwa.

Funso la agogo aakazilo ndilo loyamba kwa aliyense wosunga mfuti ya malemu. Lamulo la dziko lino loona za mfuti, Firearms Act ya 1967, limafuna kuti wosunga mfuti kapena zipolopolo akhale ndi chilolezo. Chiphaso chimalembedwa m'dzina la munthu, osati la banja, ndipo sichilowedwa ngati ufumu. Tsono mfuti yomwe idali yovomerezeka dzulo m'manja mwa bambo anu, lero m'manja mwanu ingakulowetseni m'chitokosi, ngakhale simudaiwombepo. Tsiku lomwe akuba adzathyole nyumba n'kuitenga, mudzakanena bwanji kupolisi za chinthu chomwe simumayenera kukhala nacho? Ambiri zikatero amangokhala chete, mfutiyo n'kukathera m'manja mwa achifwamba omwe adzaopseze nayo wagolosale wa pamsika pathu pomwe.

Lachiwiri ndi la thanzi la mfutiyo. Chitsulo ndi chinyezi cha kunyanja sizigwirizana. Kunja ingaoneke yonyezimira chifukwa agogo ankaipukuta ndi mafuta, koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Dzimbiri limadya mpope m'kati n'kuusiya wopyapyala. Chiswe chimafumbula thabwa loika paphewa. Mavu aja omanga tinyumba tadothi amakonda kwambiri kamwa ya mfuti yomwe yangokhala, ndipo kuwomba mpope uli wotsekeka ndi kuuphulitsira m'manja mwako.

Palinso nkhani ya zipolopolo, yomwe anthu ambiri saidziwa. Mfuti zambiri zakale za ku England zidapangidwira zipolopolo za mamilimita 65, pomwe zamasiku ano zambiri ndi za mamilimita 70 kapena 76. Chosokoneza n'chakuti chipolopolo cha 70 chimalowa bwinobwino m'mfuti ya 65, chifukwa kutalika kwake amayeza chitawombedwa kale, kamwa yake itatseguka. Chikaphulika chimasowa malo otsegukira, mphamvu n'kuchuluka kuposa muyezo wa chitsulo chokalambacho. Zipolopolo zakale za chikuto cha pepala nazo zimafufuma ndi chinyezi. Zina zimakana kuphulika, zina zimachedwa pang'ono, n'kudzaphulika munthu atayamba kale kutsegula kuti aone chavuta n'chiyani.

Pa mfuti ya mpiringidzo, chitsulo chokokacho chimakhala moyang'anizana ndi nkhope ya wowomba. Chikalephera kugwira, chimabwerera kumaso. Izi si zongoopseza ayi. Mu 1998, kampani ya Sears ku America idapempha anthu omwe adali ndi mitundu ina ya mfuti zakale za J.C. Higgins kuti asiye kuzigwiritsa ntchito n'kubweza mipiringidzo yake, chifukwa cha vuto lomweli. Ngati kwawo komwe zimapangidwako adachita mantha, kuli bwanji ife amene tikufuna kukaiyesera kudambo patapita zaka 20 ili m'chiguduli? Ndipo chonde, mfuti si khasu loti n'kukawotcheretsa kwa owotcherera zitsulo pamsika. Safunsa adadya phula.

Ndikudziwa chomwe alimi ena anene: "Mwana iwe, ukulemba uli m'tauni, anyani ndi mvuu zikudya chimanga chathu." Vutolo ndi lenileni ndipo sindilipeputsa. Anthu a ku Phirilongwe adavutika zaka zambiri ndi njovu, mbewu kuonongeka, ena kutaya miyoyo, mpaka mu 2009 pomwe njovu 83 zidasamutsidwira ku Majete. Koma taganizani za mvuu, nyama yolemera makilogalamu oposa 1,000, ya chikopa chochindikala. Machaka a mbalame sangaiphe. Amangoivulaza, ndipo mvuu yovulala ndiyo imadzagubuduza bwato la asodzi osalakwa m'mawa mwake. Kuwombera pamadzi nakonso n'koopsa, chifukwa machaka amanjanja pamwamba pa madzi ngati mwala wophwatalala womwe ana amaponya padoko. Amatha kuuluka mamita oposa 200, ndipo kumeneko kuli amayi akuchapa.

Tisaiwalenso kuti chiphaso cha mfuti si chiphaso cha ulenje. Kusaka nyama kuli ndi chilolezo chakechake chochokera ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Ife a ku Nkope tili pafupi ndi Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo imafika mpaka mapiri a ku Nkhudzi. Lamulo loteteza nyama lidakhwimitsidwa mu 2017, moti pa nyama zina zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Nyama ikamavutitsa pamudzi, njira yake ndi kudziwitsa amfumu ndi alangizi a zanyama, omwe ali ndi anthu ophunzitsidwa ntchitoyo ndi zida zoyenera.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ana. Makolo timaganiza kuti tabisa, pomwe mwana wa zaka 10 amadziwa chilichonse chomwe chili m'nyumba, kuyambira pobisa shuga mpaka pa chiguduli chija. Ana a lero amaonera mafilimu a nkhondo pafoni ndi m'nyumba zoonetsera kanema, ndipo kukoka mpiringidzo adakuona kambirimbiri. Tsiku lomwe akuluakulu onse ali kumaliro kapena kudimba, iye adzaitana anzake kuti awaonetse. Onjezeranipo mowa, mikangano ya m'banja ndi ngongole. Apolisi akhala akulengeza za anthu odzipha, ambiri mwa iwo amuna. Mkwiyo ndi kutaya mtima zimatha kudutsa usiku umodzi, koma pakakhala mfuti pafupi, munthu sapeza mpata woti m'mawa aganize mwina.

Kodi ndiye kuti aliyense akaipereke? Ayi. Alipo eni minda ndi mabizinesi omwe ali ndi zifukwa zomveka, ndipo ali ndi ziphaso zawo. Kwa oterewa, mfuti ya mpiringidzo ili ndi ubwino umodzi: chitsulo chokokacho chimachoka, ndipo popanda icho mfutiyo siiwomba. Chichotseni, muchitsekere kwina. Zipolopolo zikhalenso kwina, mfuti yeniyeniyo m'kabati yachitsulo yokhoma, makiyi ali ndi inu nokha. Muziitenga ngati ili ndi chipolopolo nthawi zonse, osailozetsa kwa munthu ngakhale mwanthabwala. Chipolopolo chikakana, dikirani masekondi osachepera 30 mfuti italoza kopanda anthu musanatsegule. Ndipo isanawombedwe koyamba, ionedwe ndi katswiri wa mfuti weniweni. Apolisi angakuuzeni komupeza.

Kwa ena tonsefe, amene tikuisunga chifukwa chongoti "ndi ya agogo", langizo langa ndi ili. Khalani pansi ngati banja, amayi akhalepo, chifukwa ndi iwo amene amasesa kunsi kwa bediko. Musainyamule m'minibasi kapena pa kabaza. Pitani kaye opanda mfuti kupolisi ya Monkey Bay kapena ya Mangochi, limodzi ndi amfumu kapena mwinimbumba, mutatenga mapepala a malemu ngati alipo, mukafotokoze, iwo akuuzeni chochita. Ngati pali wina m'banjamo woifunitsitsa, akapemphe chiphaso m'dzina lake.

Chikumbutso cha malemu sichitha chifukwa mfuti yachoka pakhomo. Ijambuleni chithunzi isanapite. Funsani achikulire omwe atsala kuti idagulidwa kuti, chaka chanji, idapha chiyani, mulembe zimenezo m'kope kuti adzukulu adzawerenge. Ndipo ngati mukuwerenga nkhaniyi mukudziwa kuti kwanu kuli chiguduli chotere, imbirani amalume foni sabata yomwe ino, ana asanatsekere sukulu.