Windows 10 yasiyidwa: kodi makompyuta akale atayidwe?

Kuyambira pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft idaleka kutumiza zigamba zachitetezo za Windows 10 kwa aliyense monga inkachitira kale. Kompyuta ikuyakabe, koma ili ngati nyumba yomwe mlonda wake wachoka: chiboo chimene akuba a pa intaneti angapeze sichitsekedwanso. Anthu wamba amene adalembetsa chitetezo chowonjezera adapatsidwa mpaka Okutobala 2026 basi.

Microsoft ikulozera anthu ku Windows 11, yomwe imafuna RAM ya 4GB, malo osungira zinthu a 64GB ndi kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0. Makompyuta akaunjika ambiri amene ali m'masukulu ndi m'malo otayipira makalata m'matauni mwathu sakwanitsa zimenezi. Kugula atsopano nakonso si nkhani yamasewera, poti kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo zipangizozi zimagulidwa ndi ndalama zakunja.

Apa mpamene Linux, yomwe Linus Torvalds adayamba ku Finland mu 1991, ikuyenera kuganiziridwa. Ndi yaulere ndipo ili ndi mitundu yopepuka. Lubuntu, mphukira ya Ubuntu ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa (dzinali ndi umunthu womwewu), imayenda pa makina amene Windows 11 yawakana. AntiX imadzutsa ngakhale kompyuta ya RAM ya 512MB, pomwe Puppy Linux imatha kuyendera pa fulashi osakhudza zomwe zili m'kompyutamo.

Komabe tisanamizane. Chimene chimadya RAM masiku ano ndi masamba a pa intaneti. Mukatsekula Facebook, YouTube ndi Gmail nthawi imodzi pa kompyuta ya 1GB, idzakwawa ndithu, kaya muli Linux kaya mulibe. LibreOffice imatsekula makalata a Word ndi Excel, koma nthawi zina imasokoneza kayalidwe kake, ndipo mapulogalamu ena owerengera ndalama adapangidwira Windows yokha.

Vuto lalikulu ndi la anthu. Mwana amene waphunzira pa Linux akakafunsira ntchito, amapeza ofesi ikufuna wodziwa Microsoft Office, ndipo amisiri ambiri okonza makompyuta adazolowera Windows. Sukulu imene ikufuna kusintha iyambe yaphunzitsa mphunzitsi mmodzi, iyesere pa fulashi, ndipo isunge kaye mafayilo ake kwina isanafufute kanthu.