Tabuleti Si Mphunzitsi

Amalawi anzanga, ine sindidana ndi makina. M'chaka cha 2013 mayi Nicola Pitchford a ku yunivesite ya Nottingham adachita kafukufuku pa sukulu ya pulaimale ya Biwi ku Lilongwe. Ana ena ankaphunzira masamu pa tabuleti, mphindi 30 patsiku kwa masabata 8, ndipo adakhoza kuposa anzawo. Izi nzoona, sindikutsutsa.

Koma tisanamizane. Mphindi 30 si tsiku lonse. Zikatha mphindizo mwana uja amabwerera m'kalasi yodzaza thothotho, mphunzitsi ali m'modzi yekha.

Kodi 1994 taiwala kale? Pulaimale itakhala yaulere, ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Tidavina, koma aphunzitsi ndi makalasi zidachepa, ana nkumaphunzira pansi pa mtengo. Walira mvula walira matope.

Tsono andale akabwera pamsonkhano atanyamula tabuleti, amvekere akatswiri avomereza, musafulumire nthungululu. Afunseni: mwalemba aphunzitsi angati? Mwamanga makalasi angati? Makinawa akawonongeka adzakonza ndani, ndi ndalama ziti? Ufulu wofunsawu tidauvotera pa 14 June 1993. Tisauike m'thumba.