Mwana akatupanso, tisafunse kuti wachimwa ndani

Kuwerenga: Yohane 9:1-7

Ife Akhristu timakonda umboni wokhala ndi mathero. Mayi akaimirira m'tchalitchi kuthokoza kuti mwana wake amene adatupa thupi lonse tsopano waphwa, timaomba m'manja, nkhani n'kuitsekera pomwepo. Koma pakapita miyezi itatu, zikope za mwana uja zikadzatupanso m'mamawa, mkodzo n'kuyambanso kuchita thovu, mayiyo amasowa kolowera. Ena amanong'onezana kuti chikhulupiriro chidachepa. Achikulire ena amatchula tsempho, nayamba kuyang'ana bambo wa mwanayo ndi diso lokayika.

Funso lomweli adafunsa ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona. Iwo adafuna kudziwa amene adachimwa pakati pa iye ndi makolo ake, ndipo Ambuye adakana zonse ziwiri.

Pali nthenda ya impso imene madokotala amaitcha nephrotic syndrome, ndipo kubwerera ndilo khalidwe lake. Impso zimasefa magazi, koma pa nthendayi sefayo imabooka, mapuloteni ofunika n'kumatayikira mumkodzo. Magazi akaperewedwa mapuloteniwo, madzi amatuluka m'mitsempha n'kudzaza kumaso, m'miyendo ndi m'mimba. Imakonda kugwira ana a zaka 2 mpaka 6. Mankhwala a prednisolone, amene poyamba amamwedwa kwa masabata 8 mpaka 12, amathandiza ana ambiri. Komabe mwa ana amene aphwa ndi mankhwalawa, pafupifupi atatu mwa anayi alionse amadzatupanso, ndipo ena mobwerezabwereza, makamaka amene adayamba ali aang'ono kwambiri kapena amene nthenda yawabwerera miyezi 6 isanathe. Kawirikawiri choiutsa chimakhala chimfine wamba. Inde, chimfine chomwechi chimene mwana amachitenga ku Sande sukulu.

Chimene chimatiwawa n'chakuti manyazi amachedwetsa banja. Adachitira kale umboni pamaso pa mpingo, ndiye abwerere bwanji kuchipatala? Ena amafika potaya mapiritsi kuti aonetse chikhulupiriro, osadziwa kuti prednisolone saleka mwadzidzidzi. Mlingo wake amachepetsa pang'onopang'ono ndi dokotala. Kunena zoona, mlaliki amene amauza kholo kuti litaye mankhwala a mwana akuseweretsa moyo umene si wake. Ngakhale wakhate uja wa pa Marko 1, Yesu atamuchiritsa adamutumiza kwa wansembe kuti akamuone.

Nthendayi imayamba kuoneka mumkodzo thupi lisanatupe. Madokotala amati yabwerera ngati kapepala koyezera mkodzo wam'mawa kasonyeza mapuloteni ochuluka masiku atatu otsatizana, ndipo ikapezeka msanga chotero mwana amatha kuthandizidwa asanafike pogonekedwa. Pamene watupa, mchere uchepe m'ndiwo, osati chifukwa cha mdulo ayi, koma poti mchere umasunga madzi m'thupi. Akatentha thupi, akamva kupweteka m'mimba, kapena akakhala pafupi ndi wodwala katsabola, tisadikire Lamulungu kuti timupempherere. Chitetezo cha mwana wotere chimakhala chofooka, ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo.

Ambiri mwa ana amene mankhwalawa amawayanja amasiya kudwaladwala akamasinkhuka, impso zawo zili bwinobwino. Koma zaka zapakatizo n'zazitali kwa banja. Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amene adalulutira tsiku la umboni lija adzafunikanso pa ulendo wachinayi ndi wachisanu, pamene ndalama ya minibasi yatha ndipo mayi akusowa womusiyira ana ena.