Madzi akatayika saoleka: nkhalango za boma zisagulitsidwe

Madzi akatayika saoleka. Akuluakulu ankanena mawuwa mtsuko ukadali pamutu, chifukwa ukasweka chenjezo limakhala lopanda ntchito. Ndikuwanena lero chifukwa cha maganizo amene amabuka nthawi iliyonse boma likasowa ndalama, kapena tikaona phiri lina lameteka mpala. Akuti nkhalango za boma zikungotha, ndiye kuli bwino kuzigulitsa kwa anthu a ndalama kuti azisamale. Olankhula chonchi si onse adyera. Ambiri ndi anthu otopa, amene aona malole a makala akulowa m'tawuni usiku ngati m'dziko muno mulibe lamulo. Kutopa kwawo ndikukumvetsa, koma mankhwala awowo ndikuwakana ndi mtima wonse.

Onse ofuna kugulitsa amaloza chala ku Chikangawa, choncho tiyambire komweko. Nkhalango ya pamapiri a Viphya imeneyi, ya mahekitala pafupifupi 53,000, sidamere yokha. Boma lidadzala paini wambiri, makamaka kuyambira m'ma 1960, pofuna kudzamanga fakitale ya mapepala ku Chintheche. Fakitaleyo sidamangidwe, koma mitengo idakula, ndipo woyenda mumsewu wa M1 kupita ku Mzuzu ankadutsa pakati pa paini mtunda wautali osaona mathero ake. Mu 1999 kampani ya Raiply idatenga fakitale ya matabwa ya Viply, imene idali ya boma, pamodzi ndi chilolezo chodula ndi kudzala mitengo pa mahekitala 20,000. Gawo lalikulu lotsalalo lidakhala m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango, ndipo chimene chidalichitikira palibe amene sachidziwa. Ziphaso zodulira mitengo zidaperekedwa mosalingalira za mawa, macheka a injini adalira m'zigwa zonse, matabwa adakwera malole kutuluka m'dziko, moto wa chilimwe chilichonse udapsereza zotsala, ndipo kudzala kudatsalira kutali.

Wofuna kugulitsa amati: mwaona nokha, kumene kuli kampani kuli mitengo, kumene kudali boma kuli zitsa. Sindingatsutse kuti boma lidalephera ku Chikangawa. Koma anthu amaiwala kuti Raiply sidagule nthaka. Idapatsidwa chilolezo chokhala ndi malire, nthawi ndi malamulo ake, ndipo nthaka ya Viphya ikadali ya Amalawi. N'chifukwa chake lero tingathe kukangana za iyo, phungu angathe kufunsa funso m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mbadwo wina wanzeru kuposa ife ungadzadzalenso mapiri onsewo. Akadagulitsa, kukangana kwathu kukadakhala kulowerera za eni. Komanso tifunse bwino chimene chidapha Chikangawa. Paini sadauma chifukwa chakuti adali wa anthu onse. Adatha chifukwa amene adapatsidwa udindo wosunga adalola kudula kopitirira muyeso, ndipo ndalama zochokera m'matabwa sizidabwerere mokwanira kukagula mbande, kulambula njira zotchingira moto ndi kulipira alonda.

Kumudzi, mwinimbumba akalephera kusamala munda wa makolo, mbumba siitana wogula. Imakhala pansi, n'kumudzudzula malumeyo, ndipo akapanda kumva imaika wina. Iye mwini amadziwa kuti mundawo sadaupeze ndi ndalama zake, adangoupeza, ndipo adzukulu amene sadabadwe ali nawo gawo. Malamulo aakulu a dziko lino akunena zomwezi. Gawo 207 likuti nthaka yonse ya Malawi ili m'manja mwa dziko. Gawo 12 likuti aliyense wokhala ndi mphamvu za boma amangosungira anthu mphamvuzo. Gawo 13 likutchula poyera ufulu wa mibadwo yamtsogolo pankhani ya chilengedwe. Nduna imakhala pampando zaka zowerengeka, pamene mbawa kapena mlombwa umafuna zaka makumi ambiri kuti ufike pocheka matabwa. Ndi chilungamo chanji kuti munthu wa zaka zisanu paudindo agulitse chinthu chimene chidakula iye asadabadwe?

Ogula adzalonjeza, ndipo malonjezo ake tikuwadziwa kale: anthu ozungulira adzapitiriza kutola nkhuni, kuzula bowa ndi kumweta udzu, palibe adzavutitsidwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lonjezo limeneli si lachilendo m'dziko muno. Kuyambira mu 1892, Harry Johnston adayamba kupereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo amene ankati adagula kwa mafumu ndi awodi. Mafumu ambiri adalandira nsalu, mikanda ndi tinthu tina totere, akuganiza kuti akungolola mlendo kulima. Malo onse amene adachoka chotero adali pafupifupi 15 peresenti ya dziko lonse, ndipo mbali ya nthaka yabwino ya kumapiri a Shire idapita momwemo. M'zikalata zambiri mudalembedwa kuti midzi ndi minda imene idalipo kale isasokonezedwe. Mawuwo adali papepala. Pansi padabadwa thangata, anthu n'kumagwira ntchito yolipirira malo amene adabadwirapo, ndipo mkwiyo wa m'maesiteti a A. L. Bruce ku Magomero ndi umodzi mwa mizu ya kuukira kwa John Chilembwe mu 1915.

Tsono taonani kuvuta kwake kowola madziwo. Pambuyo pa kafukufuku wa Sidney Abrahams wa 1946, boma la atsamunda lomwe lidayamba kugulanso ndi ndalama malo amene adapita ndi mikanda. Ngakhale zidatero, Thyolo ndi Mulanje mpaka lero ndi maboma a anthu opanikizika, olima timinda tating'ono m'mphepete mwa tiyi ndi m'mapiri otsetsereka. M'zaka za m'ma 2000 padafunika ntchito ya Kudzigulira Malo, ya ndalama za World Bank, kuti mabanja oposa 15,000 asamuke n'kukapeza malo ku Machinga, Mangochi ndi kwina. Zala zimene zidadinda pamapepala aja zidaola kalekale, koma ngongole yake tikulipirabe. Munthu wa ku Thyolo safunika kumuphunzitsa tanthauzo la kugulitsa nthaka.

Palinso chinthu chimene wogula sangalembe m'mabuku ake a phindu. Madzi amene anthu a mu Lilongwe amamwa amayambira ku Dzalanyama, n'kutsika ndi mtsinje wa Lilongwe kufika m'madamu a Kamuzu. Zomba imamwa ku Mulunguzi pamwamba pa phiri, Mzuzu imadalira damu la Lunyangwa ndi mitengo ya Kaning'ina. Magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amavutika ndi matope amene mvula imakokolola m'mapiri opanda mitengo n'kuwathira mu Shire. Ntchito yaikulu ya nkhalango zoterezi ndi kuima chilili, kugwira nthaka ndi kusunga madzi, ndipo mtengo woima suika tambala m'thumba la mwini wake. Wamalonda si mfiti. Ndi munthu amene wabwereka ndalama kubanki ndipo ayenera kubweza. Adzaona msuku, mombo ndi tsamba ngati mitengo yochedwetsa, adzazula n'kudzala bulugamu kapena paini wokula msanga, kapena mbewu ina iliyonse imene msika ukufuna chaka chimenecho. Kwa iye zimenezi ndi nzeru. Kwa mayi amene amalipira fizi ya mwana ndi masuku, bowa ndi uchi, ndi chitseko chotsekedwa. Kwa sing'anga wofuna mizu, kwa mudzi umene manda ake ali m'mphepete mwa nkhalango, ndi mlonda wokhala ndi mfuti pachipata.

Ndiponso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sindikunena za khungu kapena dziko lochokera, pakuti Mmalawi wolemera angathe kutseka nkhalango molimba kuposa mzungu. Ndikunena za chikhalidwe cha kampani. Imagulitsidwa kwa ina, imagwa, imapinyolitsa malo ake kubanki. Amene adalonjeza pamaso pa mafumu tsiku losainira sadzakhalapo pakatha zaka khumi, ndipo wolowa m'malo mwake adzati iye sadalonjeze kanthu. Boma lingakhale loipa chotani, limabwera kudzapempha voti. Mwini malo safuna voti ya munthu.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mayesero amenewa sagwera mayiko osauka okha. Chakumapeto kwa 2010 zidamveka kuti boma la David Cameron likufuna kutaya nkhalango za boma za ku England, mahekitala pafupifupi 258,000 amene ankasamalidwa ndi Forestry Commission. Zina zikadapita kwa amalonda pa lendi ya zaka 150. Nawonso adalonjezedwa kuti ufulu woyenda m'nkhalango udzatetezedwa. Anthu sadakhulupirire. Ku Forest of Dean adachita zionetsero m'nyengo yozizira, ndipo anthu oposa 500,000 adasaina chikalata chokana. Pa 17 February 2011 nduna Caroline Spelman idaima m'nyumba ya malamulo n'kupepesa, ganizo lija n'kuthetsedwa. Gulu lofufuza limene lidatsogozedwa ndi Bishopu James Jones wa ku Liverpool lidanena mu 2012 kuti nkhalangozo zikhalebe za anthu onse. Amenewatu ndi anthu ophikira gasi ndi magetsi, amene amalowa m'nkhalango kukangowongola miyendo. Ngati iwo adakana, nanga ife amene madzi, nkhuni ndi ndiwo zathu zili momwemo?

Ku Uganda mu 2007 boma lidafuna kupereka mahekitala pafupifupi 7,100 a nkhalango ya Mabira ku kampani ya shuga ya banja la Mehta kuti idzalemo nzimbe. Anthu adakana ndipo ganizolo lidaimitsidwa, koma pazionetsero za mu Kampala padafa anthu atatu, ndipo mkwiyo wina udatembenukira kwa amwenye osalakwa. Zimenezo n'zomvetsa chisoni, ndipo zimachitika nkhani ya nthaka ikakambidwa m'chipinda chotseka, anthu n'kuimvera mumsewu.

Kukana kugulitsa sikutanthauza kukhutira ndi mmene zinthu zilili. Phiri la Ndirande lidameteka tikuona. Soche adadulidwa mpaka pamwamba, ndipo namondwe Freddy atafika mu March 2023 matope ndi miyala zidatsikira pa anthu a ku Chilobwe. Mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, udadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu m'nkhalango yotetezedwa ndi lamulo. Ku Dzalanyama mu 2015 kudafunika asilikali a nkhondo kuti athamangitse ootcha makala. Koma ndani amagula makalawo? Ndi ife a m'tawuni, ophunzira ndi osaphunzira omwe, chifukwa magetsi ndi osadalirika ndipo gasi ndi wodula. Wogula nkhalango akamanga mpanda, thumba la makala silisiya kufunika ku Kawale kapena ku Bangwe. Wootcha amangosamukira kuphiri lina kapena kumitengo ya m'mudzi. Mpandawo umateteza chuma cha mwini wake yekha.

Njira zina zilipo, ndipo taziona zikugwira ntchito m'dziko mwathu momwe muno. Nkhalango ya Majete idali itatsala ndi nyama zochepa kwambiri pamene bungwe la African Parks lidayamba kuiyang'anira mu 2003. Mu 2015 lidatenganso Liwonde ndi Nkhotakota, ndipo mu 2018 nkhalango ya Mangochi. Lero ku Majete kuli njovu, mikango ndi zipembere, koma palibe hekitala imodzi imene idagulitsidwa. Malowo ndi a boma, bungwelo ndi loyang'anira chabe pamgwirizano umene uli ndi tsiku lothera. Lamulo la zankhalango la 1997 limalolanso midzi kugwirizana ndi boma posamala nkhalango, monga zidayesedwa ku Chimaliro ku Kasungu, kumene anthu amapatsidwa chigawo chawo choti aziyang'anira ndi kupindula nacho. Mutu umodzi susenza denga. Wamalonda ali ndi malo ake pantchitoyi, makamaka m'nkhalango zodzala monga Chikangawa, kumene pamafunika makina ndi ndalama zambiri. Abwere adzadzale, adzacheke, apindule, koma chikalata cha umwini chisachoke m'manja mwa Amalawi.

Apa tichenjerenso, chifukwa kugulitsa kumatha kubwera kutavala malaya a lendi. Mgwirizano wa zaka 99, wosainidwa mwachinsinsi, wopanda chilango kwa wolephera kudzala, sukusiyana ndi kugulitsa pamaso pa mwana wobadwa lero. Mgwirizano uliwonse wokhudza nkhalango ya boma uziikidwa poyera, kuofesi ya DC ndi kwa mafumu a deralo, m'chilankhulo chimene anthu ake amamva, usadasainidwe. Uzinena mahekitala odula ndi odzala chaka chilichonse, ndi mphamvu ya boma yolanda malowo kwa wophwanya pangano. Nkhalango zosunga madzi monga Dzalanyama, Zomba, Kaning'ina ndi Mulanje zisalowe n'komwe m'malonda a matabwa kapena a minda. Ndipo phungu aliyense amene dera lake lili ndi nkhalango afunse m'Nyumba ya Malamulo kuti ndalama zimene boma limatolera paziphaso za matabwa zimapita kuti, ndi kuti mwa izo ndi zingati zafika kwa mlonda amene amayenda pansi usiku ku Dzalanyama.