Walira mvula walira matope: prednisolone ndi nyamakazi

Walira mvula walira matope, amatero akuluakulu, ndipo madokotala a pa Mayo Clinic ku America anaona mwambiwu ukupherezeka. Mu Seputembala 1948, mayi wina wa zaka 29 amene nyamakazi inamugoneka pabedi anabayidwa jakisoni wa cortisone, mankhwala amene dokotala Philip Hench ankafuna kuwayesa. Patangopita masiku ochepa mayiyo anadzuka, sabata isanathe n'komwe anali akuyenda bwinobwino. Mu 1950 Hench, Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha kafukufuku wawo wokhudza mankhwalawa.

Matope sanachedwe. Odwala amene anapitiriza mankhwalawa anayamba kufufuma nkhope, ena mutu kusokonekera, ndipo akangosiya, ululu unkabwerera. Raoul Dufy, katswiri wojambula zithunzi wa ku France, anapita ku Boston mu 1950 zala zitapindika. Cortisone anamubwezera burashi m'manja, mwakuti chithunzi china cha maluwa anachitcha La Cortisone. Anamwalira mu 1953 atataya magazi m'matumbo, ndipo ambiri amaloza chala mankhwala omwewo.

Nyamakazi imeneyi, imene madokotala amati rheumatoid arthritis, ndi yosiyana ndi kuphwanya kwa maondo kobwera ndi ukalamba. Chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo za mwini wake. Zala zimatupa manja onse awiri, m'mawa zimauma gwa kupitirira ola, mayi n'kulephera kumanga chitenje kapena kugwira mthiko. Akazi amadwala kawiri kapena katatu kuposa amuna.

Munthu wotere mukamupatsa prednisolone, mdzukulu wa cortisone amene anatuluka mu 1955, mawa lake amamwetulira. Timapiritsi take ta 5 mg n'totsika mtengo. Methotrexate, amene ali patsogolo pa mankhwala oletsa mfundo kuwonongeka, amamwedwa kamodzi pa sabata, amatenga mwezi umodzi mpaka itatu kuti munthu aone kusintha, ndiponso amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi poteteza chiwindi. Wodwala amene chipatala chili kutali akakakamira piritsi lothandiza msanga, angamudzudzule ndani?

Koma thupi limawerengera. Miyezi ikamapita mafupa amafooka mpaka a msana kuthyoka popanda kugwa. Shuga amakwera, BP nayo, m'maso mumachita ng'ala, khungu limapyapyala n'kumang'ambika ndi kachinthu kakang'ono. Choopsa kwambiri m'madera amene chifuwa chachikulu n'chofala n'chakuti mankhwalawa amafooketsa chitetezo, choncho TB imene inangogona m'mapapo imatha kudzuka. Kufufuma kwa masaya nakonso kumapusitsa: achibale amati "wayamba kubwerera m'thupi", osadziwa kuti ndi chizindikiro cha mankhwala ochuluka.

Pali msampha wina. Pamwamba pa impso pali tiziwalo topanga cortisol, michere imene thupi limadalira likakumana ndi matenda kapena ngozi. Munthu akamwa prednisolone kwa masabata angapo, tiziwalo timeneti timachita ulesi. Akasiya mwadzidzidzi, mwina poti wamva zoopsa zake kapena ndalama zatha, amafooka, amasanza, BP imatsika, ndipo ena amafa kumene. N'chifukwa chake kuopseza odwala kokha n'kupanda nzeru.

Bungwe la akatswiri a nyamakazi ku Ulaya, EULAR, silikana mankhwalawa. Limalola kuwapereka poyembekezera kuti methotrexate agwire ntchito, kenako kuwachepetsa pang'onopang'ono n'kuwasiya, makamaka pasanathe miyezi 3. Anzawo a ku America, m'malangizo awo a 2021, anaumitsako kwambiri, nati ndi bwino kuwapewa ngati n'kotheka.

Mlandu waukulu uli kwa amene amalembera wodwala prednisolone chaka ndi chaka osamuyambitsa mankhwala enieni a matendawa, komanso kwa ogulitsa popanda chikalata cha dokotala. Amene wamwa mapiritsiwa kupitirira miyezi 3 asawataye lero. Apite nawo kuchipatala, akayezetse shuga ndi BP, ndipo akafunse kuti ayamba liti kuwachepetsa.