Flash ndi shutter: phunziro la nthawi lomwe tikulisiya kunja kwa kalasi

Mu Physics timalemba manambala ngati 0.004 s pabolodi, inu n'kukopera m'makope, basi nkhani yathera pomwepo. Ambiri mwa inu mumawerengera bwino manambala amenewa pamayeso, koma mukafunsidwa kuti nthawi yotereyi ndi yaitali bwanji kwenikweni, mumangoyang'anana. Ine maganizo anga ndi akuti njira yabwino yomvetsera nthawi zing'onozing'ono chonchi ili m'kamera, makamaka pa mmene flash imagwirizanirana ndi shutter. Nkhaniyi ndiyofunika kulowa m'maphunziro athu a sayansi, tisamaisiyire ojambula zithunzi pa maukwati okha.

Tiyambe ndi mmene kamera yaikulu imatsekulira kuwala. Kutsogolo kwa sensa, kapena filimu m'makamera akale, kumakhala makatani awiri opyapyala. Mukadina batani, katani yoyamba imayenda n'kuvundukula sensa. Pakapita nthawi yomwe mwasankha, katani yachiwiri imatsatira n'kuiphimbanso. Mukasankha 1/60 ya sekondi, ndiye kuti yachiwiriyo inyamuka patapita 1/60 ya sekondi yoyamba itanyamuka. Apa pali chinthu chomwe ambiri saganizira: makataniwo ndi zinthu zenizeni zolemera, ndipo amafuna nthawi kuti ayende kuchokera mbali ina kufika mbali ina.

Tiyerekeze kuti katani imatenga mamilisekondi 3 kuti idutse sensa yonse. Milisekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Mukasankha 1/250, yachiwiri idikira mamilisekondi 4. Yoyamba imafika kumapeto pa 3, ndiye kwa milisekondi imodzi sensa yonse ili pambalambanda. Flash ikawala pa kamphindi kameneka, chithunzi chonse chimalandira kuwala. Koma mukasankha 1/500, yachiwiri inyamuka pa mamilisekondi 2, yoyamba isanafike. Pamene yoyamba ikumaliza ulendo wake, yachiwiri yaphimba kale gawo limodzi mwa magawo atatu a sensa. Flash ikawala apo, gawo lophimbidwalo silionako kanthu, ndipo chithunzi chimatuluka ndi mzere wakuda bii m'mbali mwake. Pa 1/2000 zinthu zimaipiratu, chifukwa chomwe chimadutsa pa sensa ndi kampata kakang'ono chabe pakati pa makatani awiriwo.

N'chifukwa chake kamera iliyonse yotere ili ndi malire ake otchedwa sync speed, liwiro lomaliza lomwe sensa yonse imakhala yotsekuka nthawi imodzi. M'makamera ambiri a masiku ano ndi 1/200 kapena 1/250. Pentax K1000, kamera ya filimu yomwe idatuluka mu 1976, malire ake anali 1/60, poti makatani ake ansalu ankayenda mopingasa, mtunda wautali, komanso pang'onopang'ono.

Mwina wina afunsa kuti, kodi vuto si loti kuwala kumachedwa kufika? Ayi ndithu. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Pa milisekondi imodzi kumakhala kutayenda makilomita 300, pafupifupi ulendo wa pamsewu kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre. Munthu yemwe mukumujambula waima mamita 3 okha. Chochedwa apa ndi makatani, kuwala kulibe mlandu.

Nanga flash payokha imawala nthawi yaitali bwanji? M'kati mwake muli kachubu kagalasi kodzaza ndi mpweya wa xenon. Mabatire amadzaza magetsi mu capacitor pang'onopang'ono mpaka mavoti pafupifupi 300, kenako capacitor imakhuthula mphamvu yonseyo mu kachubuko kamodzi n'kamodzi. Kuwalako kumatha pafupifupi 1/1000 ya sekondi, ndipo mukachepetsa mphamvu kumafupika kwambiri, mpaka 1/10,000 kapena kuchepera apo. Capacitor yomwe mumaijambula m'makope ngati timizere tiwiri toyang'anizana ija, ntchito yake ndi imeneyi. Chonde, musadzayese kutsekula flash yakale kuti muione. Capacitor imasunga magetsi ngakhale mutachotsa mabatire, ndipo ikhoza kukuvulazani kwambiri.

Kufupika kwa kuwalaku kumabweretsa chinthu chodabwitsa. M'chipinda chamdima, chomwe chimaimitsa chinthu chothamanga pachithunzi ndi flash. Tiwerengere limodzi. Mpira womenyedwa pa liwiro la mamita 20 pa sekondi umayenda masentimita 8 pa 1/250 ya sekondi, ndiye kukhala kuti kukuwala, mpirawo utuluka wopakika. Koma mumdima sensa imauona mpirawo pokhapokha flash ikuwala. Pa 1/1000 wayenda masentimita 2 okha, pa 1/10,000 mamilimita 2. Mwaona? Ndi mtunda = liwiro × nthawi yomwe ija, palibe chachilendo.

Harold Edgerton, injiniya wa ku MIT ku America, adagwiritsa ntchito mfundo yomweyi kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Chithunzi chake cha dontho la mkaka likuthovoka ngati chisoti chachifumu ndi cha mu 1957, ndipo cha chipolopolo chikuboola apulo ndi cha mu 1964. Panalibe katani yomwe ikadathamanga mokwanira kugwira chipolopolo. Iye ankajambula mumdima, shutter ili yotsekula, n'kuwalitsa nyali kwa nthawi ya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Ntchito yonse inali yodziwa nthawi yeniyeni yowalitsira.

Vuto la nthawili ndi lakale. Flash ya xenon isanafale, ojambula ankagwiritsa ntchito timababu toyaka kamodzi n'kutaya. Babu yotere inkafuna mamilisekondi pafupifupi 20 kuti ifike powala kwambiri, choncho kamera inkayamba kaye kuyatsa babu, shutter n'kutsekuka pambuyo. N'chifukwa chake makamera ena akale ali ndi zilembo M ndi X: M ya mababu ochedwawo, X ya xenon yomwe imawala pompopompo. Masiku ano kuli njira ina yotchedwa high-speed sync, pomwe flash imaphethira kambirimbiri motsatizana nthawi yonse yomwe kampata kaja kakudutsa. Mzere wakuda umachoka, koma mphamvu yomwe ikadatuluka kamodzi imagawika, ndiye kuwala sikufika patali. Mu Physics palibe chaulere, ukapeza kuno umataya uko.

Ndikudziwa zomwe ena anganene. Choyamba, silabasi ndi yodzaza kale, ndipo funso la sync speed silibwera pa MSCE. Zoona, dzina limenelo mwina simulipeza pa pepala la mayeso. Koma taonani zomwe tagwiritsa ntchito kufika pano: liwiro, nthawi, kusintha mayunitsi, capacitor, kusintha kwa mphamvu kuchoka ku magetsi kupita ku kuwala. Zonsezi mumaphunzira kale, koma chilichonse m'mutu wakewake, ngati kuti sizidziwana. Flash imazisonkhanitsa pa chinthu chimodzi chomwe mungachigwire m'manja. Wophunzira yemwe wamvetsa chifukwa chake 1/500 ndi yaifupi kuposa 1/250 sadzasokonezekanso ndi ma fraction a nthawi pamayeso.

Chachiwiri, ena ati masukulu athu ambiri alibe makamera otere, ndipo foni imachita zonse yokha. Kuti kamera ndi yodula, palibe angatsutse. Koma foni nayo sinathawe vutoli, yangolibisa. Mafoni ambiri alibe makatani. Sensa yake imawerengedwa mzere ndi mzere, kuchokera mbali imodzi kufika inayo, ndiye mzere woyamba ndi womaliza sajambulidwa nthawi imodzi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe nyali ya LED ya pafoni imayaka n'kukhalitsa, m'malo mongothwanima ngati xenon: iyenera kuwala mpaka mizere yonse italandira gawo lake. Kamera yowerenga sensa yonse kamodzi ilipo, monga Sony a9 III yomwe idalengezedwa mu November 2023, ndipo imatha kugwirizana ndi flash mpaka pa 1/80,000 ya sekondi. Kungoti mtengo wake si wa thumba la ine ndi inu.

Ndiye yesani nokha ndi zomwe zilipo. Pemphani foni kunyumba, tembenuzani njinga mawilo ayang'ane kumwamba, zunguzani wilo mwamphamvu padzuwa, mujambule. Onani ngati masipoko atuluka owongoka monga mmene alili. Fani yozungulira imaonetsa bwino kuposa apo. Kapena tengani makatoni awiri, muike chithunzi cha m'nyuzipepala patebulo m'chipinda chamdima. Mmodzi azikoka katoni yoyamba kuti avundukule chithunzicho, wina azitsatira ndi yachiwiri, wachitatu aphethiritse tochi kamodzi pamene yoyamba yafika kumapeto. Wachiwiriyo akafulumira kunyamuka, muona nokha gawo la chithunzi lomwe lasowa.

Palinso za ndalama pankhaniyi. Ena mwa inu mudzajambula zithunzi kuti mupeze ya sopo, kaya pa zinkhoswe, kaya pa mwambo wa omaliza maphunziro. Mkwatibwi akulowa m'holo kamodzi kokha, ndipo simungamuuze kuti, "Pepani mayi, bwererani pakhomo, chithunzi chadetsedwa theka." Wodziwa za makatani aja amangoyang'ana nambala ya shutter, n'kuibweza pa 1/200, ntchito n'kupitirira. Wosadziwa amayamba kunena kuti kamera yafa.

Koma ngakhale musadzagwire kamera yaikulu moyo wanu wonse, pali chizolowezi chimodzi chomwe ndikufuna muchitenge. Munthu akanena kuti zinthu ziwiri zachitika nthawi imodzi, muzifunsa kuti nthawi imodziyo ndi yaitali bwanji. M'maso mwathu batani, flash ndi shutter zimachitika pamodzi. Mukayeza, mupeza kuti pali choyamba, chachiwiri ndi chachitatu, ndipo milisekondi imodzi yokha ikasokonekera chithunzi chawonongeka. Sabata ino kajambuleni wilo la njinga lija, ndipo mukabwera nacho chithunzicho m'kalasi mukafunse aphunzitsi anu a Physics kuti mzere woyamba ndi womaliza zasiyana nthawi yochuluka bwanji.