Akamaliza Kalasi 9, Akagona Kuti?

Lamulo la maphunziro la 2018 limakakamiza mwana kuphunzira mpaka kalasi 9. Kupyola apo, akasiya palibe womufunafuna.

Ambiri sasiya chifukwa chosowa nzeru. Sukulu ili kutali, ku Ulongwe kapena ku Tete. Mwana amachita lendi kachipinda, ufa umamthera pakati pa mwezi, mayeso nkulemba ndi njala. Mtsikana ndiye amavutika koposa, pakuti womugulira ndiwo sachedwa kupezeka, ndipo mimba imatsatira.

Tsono tikupempha mabanja a m'tauni amene chipinda chawo chikungosunga makasu ndi matumba: kalembetseni mayina kwa akulu a mpingo Lamulungu likudzali. Makolo akumudzi tiwapempha kuti azitumiza chimanga, nyemba ndi mbatatesi.